Kodi ndilipire kuti andisungire magazi a mumchombo wa mwana?

Funso

Adokotala, kwathu ndi ku Lilongwe koma ndimakhala ku Johannesburg ndi amuna anga. Ndili ndi pakati pa miyezi 7, mwana woyamba. Kusikelo andipatsa kapepala ka kampani ina yosunga magazi a mumchombo wa mwana. Akuti m'magazimo muli ma stem cell ochiza matenda oposa 80, ndipo mwayi wowatenga ndi umodzi wokha, tsiku lobadwalo. Mtengo wake ndi pafupifupi R25,000. Chikundikoka mtima n'chakuti mwana wa achemwali anga kumudzi, wa zaka 6, ali ndi matenda a magazi a sickle cell. Kodi magaziwa angamuthandize? Nanga wangayu akadzadwala mtsogolo? Apongozi anga akukana, akuti za mchombo sasiyira alendo. Ndithandizeni nzeru.

Yankho

Mayi, ndinene mosapsatira kuti musavutike kufufuza maganizo anga m'mizere yonseyi. Ngati m'nyumba mwanu mulibe mwana amene akudwala kale matenda ofuna ma stem cell, ndalamazo musapereke. Pali kuyezetsa kwina, kotchipa kwambiri, kumene inu ndi bambo a kunyumba mukufunika kuchita mwezi uno, ndipo matenda a mwana wa achemwali anu akuloza kumeneko, osati ku kampaniyo. Koma sindikufuna mungovomera chifukwa ndanena ine, choncho tione kaye chimene akukugulitsanicho.

Kapepalako sikananame ponena kuti magaziwa ndi a mtengo wapatali. Mwana akabadwa, mumchombo ndi munsengwa mumatsala magazi ake. M'magazi amenewo muli maselo ochepa, ma stem cell aja, amene ntchito yawo ndi kubala maselo ena onse a magazi: ofiira onyamula mpweya, oyera olimbana ndi matenda, ndi aja oundanitsa magazi pabala. Mwa ife akuluakulu maselo amenewa amakhala m'mafuta a m'mafupa, koma mwa khanda ambiri amakhala akuyendanso m'mitsempha, n'chifukwa chake amatapika mumchombo. Munthu amene mafupa ake asiya kupanga magazi abwino, madokotala amayamba apha maselo ake akale ndi mankhwala amphamvu, kenako n'kumuika atsopano pa diripi. Maselowo amapeza okha njira yolowera m'mafupa n'kuyamba ntchito. Imeneyo ndiyo transplant.

Yoyamba yogwiritsa ntchito magazi a mumchombo inachitika mu October 1988 pa chipatala cha Saint-Louis ku Paris. Dokotala wake anali Eliane Gluckman, wodwalayo anali mnyamata wa zaka 5 wa ku America wokhala ndi matenda obadwa nawo a Fanconi anaemia, ndipo amene anasunga magaziwo m'chisanu anali Hal Broxmeyer wa ku Indiana University. Mnyamatayo anakula mpaka kukhala bambo. Kuyambira pamenepo ma transplant oposa 40,000 a mtundu umenewu achitika padziko lonse. Koma onetsetsani apa: magazi amene anapulumutsa mnyamata uja sanali ake. Anali a mlongo wake wakhanda, amene analibe matendawo. Ndipo pafupifupi onse a 40,000 aja analandira magazi a mwana wina, kawirikawiri mwana wosamudziwa n'komwe, amene mayi ake anapereka ulele ku nkhokwe ya anthu onse.

Timapepala ta makampani timadutsa mfundo imeneyi mothamanga. Mndandanda wa matenda 80 ndi woona, koma ochuluka mwa iwo amafuna maselo a munthu wina. Amene analimapo chinangwa amadziwa kuti munda ukagwa khate sudulamo mitengo yodzala chaka chamawa, chifukwa matendawo ali kale m'kati mwa mtengo ngakhale uoneke wobiriwira. Mwana wobadwa ndi sickle cell, thalassaemia (matenda enanso obadwa nawo ochepetsa magazi), kapena chitetezo cha m'thupi chosagwira ntchito, vuto lake lili m'maselo ake onse, kuphatikizapo amene mwasunga aja. Mukamubwezera, mwamubwezera matenda omwewo. Pa khansa ya m'magazi ya ana nkhani yake njofanana pang'ono. Mel Greaves ndi anzake ku London anakayeza timadontho ta magazi timene tinatengedwa pa chidendene cha makanda atangobadwa, ndipo mwa ana ambiri amene anadzadwala khansayi patapita zaka anapeza kuti chiyambi chake chinalimo kale pobadwa. Palinso china. Pochiza khansa ya m'magazi timafuna dala chitetezo cha munthu wina, kuti chione maselo a khansa otsalira ngati adani n'kuwapha. Chitetezo cha mwiniwake chinalephera kale ntchito imeneyo.

Otsala ndi matenda ochepa amene maselo a mwiniwake amagwira ntchito, monga chotupa cha ana chotchedwa neuroblastoma. Ngakhale pamenepo, madokotala amatha kutapa maselo m'magazi a mwanayo pa nthawi imene akufunika, popanda kusunga chilichonse pobadwa. N'chifukwa chake akatswiri akamawerengera mwayi woti mwana adzagwiritse ntchito magazi ake osungidwa, chiwerengero chotchuka ndi mwana mmodzi mwa 2,700, ndipo ena amati mmodzi mwa 20,000. Bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linanena mu 2017 kuti likukonda zopereka ku nkhokwe za onse kusiyana ndi kusungira banja lopanda wodwala. La madokotala a amayi oyembekezera, ACOG, linanena mu 2019 kuti palibe umboni wothandizira kusunga kwa makampani mwachisawawa. France ndi Italy salola n'komwe makampani otere kutsegula nkhokwe m'maiko mwawo. Amenewa si anthu odana ndi ma stem cell. Kumbukirani kuti France ndi kumene zinayambira.

Ndiye pali nkhani ya kuchuluka, imene makolo ambiri sauzidwa. Mumchombo mumatapika magazi ochepa, kawirikawiri mamililita 60 mpaka 120, osadzaza n'kapu yomwe. Kuti transplant igwire pamafunika maselo osachepera 25 miliyoni pa kilogalamu iliyonse ya wodwala. Kathumba kokhala ndi maselo 1 biliyoni, kamene ndi kabwino ndithu, kamakwanira munthu wa makilogalamu 40. Ameneyo ndi mwana wa zaka za m'ma 12. Nkhokwe za onse zimakana timatumba tambiri timene tatapidwa chifukwa cha kuchepa, n'kutipereka ku kafukufuku kapena kutitaya. Kampani yolipidwa imatha kusunga ngakhale kochepa, poti mwini wake walipira. Choncho mawu akuti “inshuwalansi ya moyo wonse” muwamve mochenjera. Maselowo amakhala ndithu amoyo nthawi yaitali, Broxmeyer anasungunula ena atakhala zaka zoposa 20 n'kuwapeza akugwirabe ntchito. Vuto n'lakuti mwana amakula pomwe kathumba kali chimodzimodzi. Akuluakulu ena amaikidwa timatumba tiwiri ta ana osiyana, ndipo mu 2023 ku America anavomereza njira yochulukitsa maselowa ku labotale yotchedwa omidubicel, koma zimenezi zimachitika ndi magazi a m'nkhokwe za onse.

Tsopano mwana wa achemwali anu, amene ndikudziwa kuti ndiye wakugonetsani mochedwa ndi kapepalako. Mwa mwambo wathu iye ndi amene ali m'mimbayo ndi abale enieni, a mbumba imodzi, ndipo inu ndinu mayi ake. Koma thupi limawerenga ubale mwa njira yake. Pa maselo athu pali zizindikiro zotchedwa HLA, zimene chitetezo chimayang'ana posiyanitsa chake ndi chachilendo. Theka la zizindikirozi timatenga kwa mayi, theka kwa bambo. Ana a bambo mmodzi ndi mayi mmodzi amafanana zonse kamodzi mwa kanayi. Mwana wanu ndi wa achemwali anu abambo awo ndi osiyana, choncho kufanana zonse n'kosowa kwambiri. Ngakhale kufanana theka lokha kumachitika pafupifupi kamodzi mwa kanayi.

Mwina munamva kuti magazi a mumchombo safuna kufanana kwenikweni. Pa khansa ya m'magazi n'zoona, zizindikiro 4 mwa 6 zimatha kukwanira. Pa sickle cell sizinayende choncho. Mafupa a wodwala sickle cell amakhala otakataka, ndipo wodwala amene waikidwapo magazi kambirimbiri thupi lake limazolowera kukana zachilendo. Pa kafukufuku wina ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, ana 8 a sickle cell anaikidwa magazi a mumchombo a ana osakhala abale awo. Mwa 5 thupi linakana maselowo ndipo matenda anabwerera, mpaka mbali imeneyo ya kafukufuku anaitseka. Yerekezani ndi pamene wopereka ali m'bale wa bere limodzi wofanana zonse: pa odwala 1,000 amene Gluckman ndi anzake anawerengera mu 2017, oposa 90 mwa 100 alionse anali moyo ndiponso opanda matendawo patapita zaka 5. Choncho amene angayezedwe chifukwa cha mwana wa achemwali anuyu ndi abale ake a mimba imodzi, ngati alipo. Khanda lanu lili kutali pa mzerewo.

Ndipo tiyerekeze kuti mwamwayi afanana. Ku Malawi transplant yotere sichitika. Pafupi ndi kwathu imachitika ku South Africa, ndipo ku Tanzania chipatala cha Benjamin Mkapa ku Dodoma chinayamba kuchitira ana a sickle cell mu 2023. Mabanja ena amapita ku India. Mtengo wake umaposa wa kusunga magazi maulendo makumimakumi. Wodwala amakhala milungu ingapo m'chipinda chayekha alibiretu chitetezo, ndipo ndi magazi a mumchombo kudikirako kumatalika, nthawi zambiri milungu itatu kapena inayi maselo oyera asanayambe kuoneka. Ena amamwalira ndi chithandizo chenichenicho, ena amatsala osabereka. R25,000 imagula kathumba kokha.

Chimene chingasinthe moyo wa mwana wa achemwali anu chaka chino ndi chapafupi. Akhale wolembetsa ku kiliniki ya sickle cell, monga ya pa Kamuzu Central Hospital, ndipo asamadumphe masiku. Agone m'neti, alandire mankhwala oteteza malungo ndi folic acid, amwe madzi ambiri, asazizidwe m'miyezi ya June ndi July, ndipo thupi likangotentha apite kuchipatala tsiku lomwelo, osayamba ndi panado n'kudikira kuche. Achemwali anu afunse za hydroxyurea. Kafukufuku wotchedwa REACH, wa ana pafupifupi 600 ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda, anasonyeza mu 2019 kuti mankhwalawa amachepetsa kuphwanya kwa mafupa, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa zomwe. Ngati mtima wanu ukufuna kuthandiza ndi ndalama, thiransipoti ya ku kiliniki ndi mankhwala a masiku amene kuchipatala atha zidzamufikira mwanayo mwachindunji.

Koma matenda ake akunenanso za inuyo. Mwana sabadwa ndi sickle cell pokhapokha atatenga mbewu yake kwa makolo onse awiri. Ndiye kuti achemwali anu ali nayo, ngakhale sadwala. Iwo anaitenga kwa mmodzi wa makolo anu, choncho ngati muli a bambo ndi mayi mmodzi, mwayi woti inunso muli nayo ndi theka, kapena kuposerapo. Pemphani dokotala wanu akuyezeni magazi a haemoglobin electrophoresis. Ndi kabotolo kamodzi ka magazi a pamkono. Ku South Africa sickle cell si yofala ngati kwathu, choncho dokotala sangaiganizire ngati simunamuuze za m'banja mwanu. Mukapezeka nayo, bambo ayezetsenso. Ngati nonse muli nayo, mimba iliyonse ili ndi mwayi umodzi mwa inayi wobala mwana wodwala, ndipo khandalo liyezedwe likangobadwa kuti ngati lili nayo liyambe penicillin lisanakwanitse miyezi itatu. Chimenecho chimapulumutsa ana ambiri.

Zikatero m'pamene maganizo anga pa zosunga amasintha pang'ono. Banja limene lili kale ndi mwana wodwala sickle cell, thalassaemia kapena khansa ya m'magazi, ndipo mayi ali ndi pakati pena pa bambo yemweyo, kusunga magazi a khandalo n'kwanzeru, ndipo mabungwe ndatchula aja amavomereza. Mwayi woti khanda lifanane ndi mkulu wake komanso likhale lopanda sickle cell ndi 3 mwa 16. Khanda longonyamula mbewu koma losadwala limatha kupereka. Zoterezi zimakonzedwa ndi dokotala wa wodwalayo mimba isanafike kumapeto, osati ndi wogulitsa pafoni. Inu amene uyu ndi woyamba, ngati nonse mwapezeka ndi mbewu, mukhoza kuganiza zosunga a mwana uyu, akabadwa wopanda matendawo, kusungira mng'ono wake wa mtsogolo. Koma dziwani kuti mawu akuti “mwayi ndi umodzi wokha” ndi okokomeza. Mwana wamoyo amayenda ndi ma stem cell ake m'mafupa masiku onse. Akafunika kwa m'bale wake, madokotala amatha kutapa m'fupa la m'chiuno atamugoneka, ndipo amabwerera m'malo pa milungu yochepa. Komanso madokotala a ku Johns Hopkins ku Baltimore anapeza njira yogwiritsa ntchito wopereka wofanana theka lokha, pomupatsa wodwala mankhwala a cyclophosphamide masiku ochepa transplant itachitika. Kholo lililonse limafanana theka ndi mwana wake. Njira imeneyi itafala, ma transplant a magazi a mumchombo akhala akuchepa m'maiko ambiri.

Ogulitsa akaona kuti mfundo zimenezi mukuzidziwa amasamukira ku za mtsogolo: autism (vuto lolepheretsa mwana kulankhula ndi kucheza bwino ndi anthu), cerebral palsy (kulumala kochokera ku ubongo), shuga, kukonza DNA. Zinayesedwa, ndipo amene anayesa kwambiri ndi gulu la Joanne Kurtzberg ku Duke University, anthu okhulupirira magaziwa ndi mtima wonse. Pa ana 180 a autism, zotsatira za mu 2020 sizinasonyeze kusiyana pa chimene ankayeza pakati pa olandira magazi ndi osalandira. Pa ana 63 a cerebral palsy mu 2017, gulu lonse silinasiyane, ngakhale amene analandira maselo ochuluka anaonetsa kusintha pang'ono pa kayendedwe. Kafukufuku akupitirira ndipo ndi bwino kuti apitirire, koma si chithandizo chovomerezeka. Pa shuga ya ana magazi a mwiniwake sanaletse matenda. Chithandizo chokonza DNA ya sickle cell chotchedwa Casgevy, chimene Britain ndi America anavomereza kumapeto kwa 2023, chimagwiritsa ntchito maselo otapidwa m'magazi a wodwalayo pa nthawiyo, ndipo mtengo wake ku America ndi woposa madola 2 miliyoni. Akakuuzani kuti muonjezere ndalama asungenso kachidutswa ka mchombo weniweniwo, dziwani kuti palibe chithandizo chokhazikika chimene chimagwiritsa ntchito kachidutswa kosungidwa motero.

Pali munthu mmodzi amene magaziwa amamuthandiza motsimikizika, ndiye khandalo, pa mphindi zoyamba za moyo wake. Mwana akatuluka, mchombo umapitiriza kugunda, ndipo magazi a munsengwa amalowabe mwa iye. Pa mphindi imodzi amalandira pafupifupi mamililita 80, pa mphindi zitatu pafupifupi 100. Kwa kamunthu ka makilogalamu atatu amenewo ndi magazi ambiri zedi, ndipo ayironi wake amamusunga miyezi ingapo yoyambirira. N'chifukwa chake World Health Organization imati mchombo usamangidwe mphindi imodzi isanathe, makamaka pakati pa mphindi imodzi ndi zitatu, pokhapokha mwana akufunika thandizo lachangu kuti apume. Choipa chake n'chakuti ana ena amachita chikasu pang'ono, chimene chimachizika ndi nyale. Kwathu, kumene kafukufuku wa dziko lonse wa 2015–16 anapeza ana 63 mwa 100 osakwana zaka 5 ali ochepa magazi, iyi si nkhani yaing'ono, makamaka ngati mwanayu azidzapita kumudzi kumene kuli malungo. Tsono magazi ndi omwewo. Olowa mwa mwana salowa m'kathumba. Makampani amati zonse ziwiri n'zotheka, ndipo akadikira mphindi imodzi yokha nthawi zina zimathekadi, koma kathumba kamachepa. Munthu asafulumize mzamba kumanga mchombo chifukwa chakuti bokosi lolipiridwa likudikira. Kaya musunga kaya ayi, uzani dokotala wanu pasadakhale kuti mukufuna adikire, ngakhale mutachira ndi opaleshoni.

Apongozi anu muwafotokozere zimene zimachitika, chifukwa mwina akuganiza kuti alendo atenga mchombo wonse. Mwana akabadwa ndipo mchombo wamangidwa n'kudulidwa, iye amapita pachifuwa panu. Mzamba amapukuta mbali yotsala, ija yolumikizana ndi nsengwa, n'kubaya singano mu mtsempha waukulu wa mumchombomo. Magazi amatsika okha kulowa m'kathumba kokhala pansi, kokhala ndi mankhwala oletsa kuundana. Pa mphindi zisanu kapena khumi zatha, ndipo inu kapena mwana simumva kanthu. Kathumbako kamafika ku labotale pasanathe masiku awiri. Kumeneko amachotsa madzi ndi maselo ofiira ambiri mpaka kutsale pafupifupi mamililita 25, amathira mankhwala a DMSO oteteza maselo kuti chisanu chisawang'ambe, amaziziritsa pang'onopang'ono, kenako n'kuika m'thanki ya nayitirojeni imene pansi pake pamazizira madigiri 196 pansi pa ziro. Tsiku loika mwa wodwala, DMSO ija imatuluka ndi mpweya wake, chipinda chonse n'kumanunkha ngati adyo. Kachitsa ka pamimba pa mwana, kamene kamauma n'kugwa musanatuluke m'chikuta, sakakhudza n'komwe. Kamenako agogo adzakasamala monga mwa kwawo. Ndipo nkhawa yawo musaipeputse. Kufunsa kuti chinthu cha m'thupi la mdzukulu chikupita kwa yani, chikakhala kuti, ndipo adzachita nacho chiyani, ndi funso lomwe malamulo a maiko ambiri amafunsanso.

Chimene chimandipweteka ine pa nkhani yonseyi ndi china. Magazi a mwana wanu akanakhala ofunika kwambiri mu nkhokwe ya onse, monga imene Pablo Rubinstein anayambitsa ku New York Blood Center kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ife a mu Africa HLA yathu ndi yamitundumitundu kuposa anthu ena onse, ndipo m'kaundula wa opereka tilimo ochepa. Kafukufuku wa mu 2014 ku America anapeza kuti mzungu wochokera ku Ulaya ali ndi mwayi wa 75 mwa 100 wopeza wopereka wofanana naye bwinobwino, pomwe munthu wakuda wa ku America ali ndi 19. Poti magazi a mumchombo amalola kusiyana pang'ono, ndiwo akhala akupulumutsa anthu ovuta kuwapezera wofanana nawo. Mayi wina wa ku New York, amene anali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi, anaikidwa mu 2017 magazi a khanda losamudziwa limene maselo ake anali ndi chibadwa chosalola kachilomboka kulowa. Mu 2022 madokotala analengeza kuti wasiya ma ARV ndipo kachilombo sikakupezeka. Imeneyi si njira yochizira HIV kwa anthu wamba, anamuchitira chifukwa cha khansa, choncho wina asasiye mankhwala. Ndaitchula chifukwa kathumbako kanachokera kwa mayi amene anapereka ulele. South Africa ilibe nkhokwe ya boma yotere, Malawi ilibenso. Amene mukuwerenga muli ku Britain, NHS Cord Blood Bank ndi bungwe la Anthony Nolan amatapa ulele m'zipatala zina zosankhidwa, funsani mzamba wanu. Kumene muliko, Mayi, bambo angafunse ku South African Bone Marrow Registry kapena DKMS Africa ngati angalembetse kukhala opereka. Amangopaka kathonje m'kati mwa tsaya.

Mwina mwamva zonsezi koma ndalama muli nazo ndipo mtima ukuti sungani. Sikulakwa, ndipo kutapako sikuvulaza mwana ngati mchombo sunamangidwe mofulumira. Ingolowani maso ali otseguka. Funsani ngati ali ndi chilolezo cha Department of Health, poti National Health Act ya 2003 ndi malamulo ake a mu 2012 amafuna kuti nkhokwe zotere zikhale zovomerezedwa. Funsani ngati amayenderedwa ndi AABB kapena FACT, mabungwe akunja oyendera nkhokwe zotere, ndipo muone satifiketi yosatha ntchito. Funsani timatumba tingati tinatulukapo m'nkhokwe yawo kupita ku transplant yeniyeni, osati ku kafukufuku. Akupatseni polemba chiwerengero cha maselo a m'kathumba kanu, ndipo anene ngati amabweza ndalama akachepa kapena akapezeka ndi tizilombo. Inuyo adzakuyezani HIV, hepatitis B ndi C, chindoko ndi zina, ndipo ngati mwapitako kumudzi muli ndi pakati kapena munadwalapo malungo, anene musanalipire ngati zimenezo zikusintha kanthu.

Funso la thanki musalichitire manyazi. Mu November 2023 unduna wa zaumoyo ku Singapore unalengeza kuti pa kampani ya Cordlife mathanki 7 mwa 22 anatenthapo kupitirira muyezo, ndipo timatumba pafupifupi 2,200 ta m'thanki imodzi tinaonongeka. Makolo ankalipira chaka ndi chaka osadziwa. Mu 2019 kampani ya Cryo-Save ya ku Switzerland inagwa, timatumba tambirimbiri tinasamutsidwira ku Poland, ndipo mabanja a m'maiko angapo a ku Ulaya anatha miyezi akufufuza kumene magazi a ana awo ali. Choncho afunseni kuti ndani amayang'anira kuzizira usiku ndi pa holide, nayitirojeni amawonjezera bwanji, ma alamu amayendera chiyani magetsi akazima, ndipo kampani ikatsekedwa magaziwo amapita kwa yani.

Pomaliza werengani mgwirizanowo ngati munthu amene tsiku lina angabwerere kwawo. R25,000 ija ndi ya zaka zingati, ndipo zikatha mtengo wowonjezera amauika ndani? Mukasamukira ku Lilongwe n'kulephera kulipira chaka chimodzi chifukwa kwacha yagwa, amadikira miyezi ingati asanataye kapena kupereka kwina? Kutumiza kathumbako ku chipatala cha dziko lina kumafuna thanki yapadera ndi zilolezo zotulutsira kunja, choncho alembe kuti amalipira ndani. Mwana akakwanitsa zaka 18 mwini magazi amakhala iyeyo, ndiye muonenso ngati mgwirizanowo ukunena kuti adzamupeza bwanji adiresi yanu ya ku Johannesburg itasintha.